Resheni ya Amalume

Mbale ija ikadalipo. Ndi yachitsulo, yoyera, ya maluwa ofiira pakati, ndipo m'mphepete mwake utoto unakanganuka kalekale moti pamaoneka chitsulo chakuda. Masiku ano amama amamwetsera anapiye. Ndikapita kumudzi kwathu, kuseri kwa Sinda, ndimaipeza pansi pa nkhokwe itadzaza madzi amatope, ndipo mumtima ndimati eya, tsopano yapeza ntchito yaulemu. Chaka chimene ndinali mu giredi sikisi, mbale imeneyi inali ofesi ya amalume.

Amalumewo anali mlongo wa amama mmodzi yekhayo, wamng'ono kwa iwo. Anali atamaliza giredi thwelofu zaka zingapo m'mbuyomo, n'kukakhala ku Chipata kwa mnzawo, akuchita chimene iwo ankachitchula kuti bizinesi. Bizinesiyo palibe anaionapo ndi maso. Anatulukira mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, nyenje zikulira mpaka kugonthetsa m'kutu. Anali ndi kachikwama kamodzi ndi mulu wa mapepala a fotokope omanga ndi labala. Anati boma likulemba anthu ntchito, koma lisanakutenge uyenera kukhoza mayeso, ndipo mayesowo ndi a masamu. M'tauni muli phokoso, ati. Mutu wawo unkafuna kamphepo ka kumudzi.

Pakhomo tinalipo awiri, ine ndi amama. Atate anali atachoka monga achokera akamwini, ndi njinga yawo ndi wailesi yawo, osatsazika ndi nkhuku yomwe. Chimene tinali nacho ndi munda umene agogo anasiyira amama, woyambira pa njira ya kudambo kukathera pa chulu. Kuseri kwa chuluko kunkalima asuweni a amama, bambo wina wa maso ofiira, amene khasu lake linali ndi matenda. Chaka chilichonse pokonza mizere, khasulo linkaterereka n'kudya mzere umodzi wa ife. Amama akadandaula, iye ankangoseka n'kunena kuti nkhani ya malire sakamba ndi munthu wamkazi, abwere mwamuna wa kubanja kwanu. Ankadziwa bwino lomwe kuti mwamuna wa kubanja kwathu ali ku Chipata, pa bizinesi.

Chaka chimenecho amama anandiuza kuti ndakula, ndipo mizere ya kumapeto, ya kufupi ndi chulu, ikhala yanga. Ndibzale ndekha nshawa, zimene ena amati mtedza, ndipalire ndekha, ndikumbe ndekha, ndipo zotulukamo ndione nazo chochita ndekha. Amene simunakulire kumudzi mwina mukuti nanga mizere n'chiyani. Kwa ine inali ufumu. Ndinkapita kukaiona madzulo pochokera kusukulu, dothi lili gwa, louma, lotentha kumapazi, ine n'kumayenda m'menemo ngati ndikuyendera esiteti.

Nshawa zodya zinali zitatha kale. Zinatsala zambewu zokha, thumba limodzi losadzaza, limene tinali titaswa awiriwiri pakhonde mpaka zala zinachita matuza. Ine ndi amene ndinasankha. Zofota, zoboola ndi zakuda ndinapatula, n'kusiya zikuluzikulu zokha za chalimbana, zosalala, zonenepa ngati chala chamanthu. Amama anamanga thumbalo ndi luzi n'kulipachika ku mtanda wa denga kuopa makoswe. Khoswe weniweni tinamuyalira mphasa pabalaza.

Tsiku lachiwiri chifikireni, amalume anatulutsa mpando pansi pa mtengo wa mango, n'kumasula labala uja. Anawerenga pang'ono, n'kukanda kumutu, n'kuusa moyo mokweza kuti amama amve ali kukhitchini. Anati masamu amenewa salowa popanda zowerengera za m'manja. Amama anabweretsa maso a chimanga. Iwo anati chimanga n'chaching'ono, chimawasokoneza. Anakweza maso kuyang'ana kudenga kudzera pakhomo, n'kunena mwaulemu wonse kuti, “Asisi, mungondibwereka tinshawa pang'ono. Ndikatha ndibweza.”

Kubwereka! Mawu amenewo ndimawamvabe mpaka lero.

Ntchito yake inkayenda motere. Ine ndinkabweretsa nshawa m'mbale ya maluwa ija, n'kugwada, n'kuika pa kampando patsogolo pawo. Iwo ankawerenga funso mokweza, m'Chizungu chotulukira m'mphuno, kenaka n'kulimasulira okha. M'mapepalamo munali anthu awiri osatha kugawana chinthu mwamtendere, wina Ei, wina Bii. Lero agawana mbuzi, mawa agawana malalanje, ndipo nthawi zonse Ei atenge magawo awiri, Bii gawo limodzi, kapena Ei atatu, Bii awiri. Amalume ankakankha nshawa ndi chala, ziwiri uku, imodzi uko, ziwiri uku, imodzi uko, mpaka pakhale milu iwiri, waukulu ndi waung'ono. Ankawerenga mulu uliwonse, n'kusuzumira kumapeto kwa pepala kumene kunali mayankho, n'kuwomba m'manja. “Simpo!” Akatero ankatapa mulu wa Ei n'kuponya m'kamwa. Wa Bii unkatsatira, kuti usasungulumwe.

Ndinawafunsa tsiku lina kuti Ei ndi Bii ndi a mudzi uti, ndipo Bii analakwa chiyani kuti azingolandira zochepa. Anaseka mpaka kutsamwa, makoko ofiira a nshawa ali mbuu pamilomo. “Iwe kamtsikana, izi ndi za anthu a mitu. Pita ukathandize amako.”

Panali mafunso enanso, a amuna olima munda. Amuna asanu akalima munda masiku akutiakuti, nanga amuna khumi alima masiku angati? Amenewa ankawakonda kwambiri. Ankawawerenga m'mawa, ife tikunyamula makasu kupita kukaunga mizere, ndipo tinkawapeza akuwawerengabe masana tikubwera, fumbi lili m'mano, msana ukuyaka. Amuna a m'pepala analima minda yambiri chaka chimenecho. Mwamuna wa pansi pa mango sanagwireko mpini, ati matuza angamulepheretse kugwira bolopeni.

Madzulo ena amama anakhala pansi chapatali, miyendo atatambasula, n'kufunsa kuti, “Achimwene, kodi chimene mukuwerengachi n'chiyani kwenikweni?”

“Lesho, asisi. Lesho ndi puropshoni. Kagawidwe ka zinthu.”

Amama anagwedeza mutu pang'onopang'ono. M'mawa mwake ndinapita nawo ku mjigo. Amayi a m'mudzi anali atayamba kale kutinong'ona, poti munthu wamwamuna wamphumphu wokhala pamthunzi nyengo ya mizere sabisika. Wina anafunsa moseka kuti alendo athu akudwala chiyani. Amama anaika chidebe pansi n'kuyankha mokweza kuti onse amve: “Sakudwala. Akuphunzira za resheni. Kagawidwe ka zinthu za boma.”

Amayi onse anatembenuka. Ngakhale amene ankapopa analeka kupopa.

Lesho palibe ankamudziwa m'mudzi mwathu, koma resheni, aa, ameneyo ndiye mnzathu wakale. Panali mkulu wina amene anagwirapo ntchito m'mafamu a fodya ku Zimbabwe, ndipo iye anafotokozera aliyense wofuna kumva, ndi wosafuna yemwe, kuti resheni ndi ufa, nyemba ndi mchere, ndipo munthu wogawa resheni ndi wachiwiri kwa Mulungu. Pofika Lamulungu nkhani inali itamera nthenga. Amalume akakhoza mayeso, ndi amene azidzagawa feteleza. Ayi, ndi mbewu yomwe. Ayi, ndi chimanga cha chaka cha njala, kuyambira Sinda mpaka Katete.

Abale inu, ndinaona anthu akuluakulu akusanduka ana. Amene dzulo lake ankatsonya podutsa pa mango paja anayamba kuvula zipewa ali patali. Amayi ena anabweretsa mazira atatu m'kansalu, ati aubongo. Mkulu wa ku Zimbabwe uja ankabwera kudzangokhala, kuonerera Ei ndi Bii akugawana, n'kumagwedeza mutu ngati akumva. Ngakhale asuweni a maso ofiira aja anafika, n'kupereka moni wa manja awiri, bondo litapindika, n'kufunsa ngati abwana adzuka bwino. Abwana! Munthu wovala malaya a atate anga amene anaiwalika pa chingwe.

Ndipo amalume anatsutsa? Anati pepani, mwamva molakwa? Ndani, iwowo? Anangokhala tsonga pampando, n'kuyamba kulankhula motsitsa mawu ngati munthu wosunga zinsinsi za boma. Wina akatchula feteleza ankangoti, “Tiona, tiona.” Anthu opusa ndawaona ambiri pa moyo wanga, ndipo ambiri a iwo ndimawamvera chisoni. Amene sindimupirira ndi munthu wodziwa kuti akumutamanda ndi bodza, iye n'kumakhuta nalo, n'kupemphanso mchere.

Mcherewo anaupemphadi. Anati nshawa zaziwisi zikuwapweteketsa mutu, ndipo mutu ndiwo chuma cha banja lonse. Kufikira pamenepo ine ndinali ndi kachiyembekezo. Zina zinkagwa pansi, ine n'kumatola nkhuku zisanaone, n'kukabwezera m'thumba. Koma masana ena ndikuchokera kusukulu, ndisanafike n'komwe pabwalo, fungo linandipeza panjira. Fungo lokoma, lamafuta, lopsereza pang'ono. Ndinathamanga. Ndinapeza amama atagwada pamoto, phale lili pamafuwa, akutakasa ndi kamtengo nshawa zimene ndinasankha ndi zala zanga, zikuthetheka, akuwaza madzi a mchere, utsi uli tolo. Mwana aliyense wa mlimi amadziwa kuti nshawa ikalawa phale, yatha. Ungaibzale, ungaithirire, ungaipempherere, siimera.

Mpaka pano fungo la nshawa zokazinga limandikwiyitsa. Pa siteshoni ya Katete anyamata akazibweretsa pawindo la minibasi, ine ndimayang'ana kumbali.

Ndinayesa nzeru zanga zaumwana. Loweruka ndinapita kumtsinje wouma n'kutola timiyala tosalala, tofanana kukula, todzaza chigoba cha shuga. Ndinatitsuka, n'kukatipereka chogwada. Ndinati amalume, iti sitingathe, mungawerengere mpaka mayeso. Anatitembenuza m'manja, n'kuti ndine mwana woganiza bwino. Sabata yonseyo timiyalato anagendera nkhuku zobwera kudzatola makoko, ndipo mbale inkapitabe m'mawa uliwonse.

Thumba lija linayamba kufota. Poyamba linkalendewera lonenepa ngati mwana wa mbuzi. Kenaka linachita khosi lalitali. Ndinkaligunda ndi mutu wa tsache amama kulibe, kuti ndimve kulemera kwake, n'kumayerekeza m'mutu mwanga kuti mbewu ifika pati. Pobzala tinkayambira kunjira, kumene dothi n'labwino, kumalizira kuchulu. Mizere yanga inali yomalizira. Sindinafunikire Ei kapena Bii kuti andiuze amene atsale.

Ndiye tsiku lina aphunzitsi a masamu analemba pabolodi manambala awiri, pakati n'kuikapo timadontho tiwiri, kena pamwamba kena pansi. Zinali zomwe zija za m'mapepala a amalume. Ndinakweza dzanja n'kunena monyada kuti ine izi ndikuzidziwa, ndi resheni, za ogawa feteleza. Aphunzitsiwo anaseka mpaka kugwira tebulo. Anali bambo woonda, wa jekete lachoko, amene nkhani ya m'mudzi mwathu anali ataimva kale.

“Resheni ya kuti? Ichi ndi lesho, mwana iwe. Masamu a pulayimale. Chaka chamawa mulemba pa mayeso anu a giredi seveni.” Anapukuta misozi n'kuwonjeza kuti mayeso a ntchito za boma iwonso anawaonapo: anthu odzaza bwalo la mpira, malo a ntchito owerengeka pa zala, ndipo wokhoza amakakhala pa geti kapena pa kauntala kudinda mapepala. “Feteleza amalume ako adzamuona pa lole, akudutsa.”

Sindinadikire belu lomaliza. Ndinathamanga njira yonse, buku lili pamutu kutchinga dzuwa, mawu ndikuwabwereza kuti ndisawataye. Ndinali wotsimikiza kuti ndanyamula mankhwala. Amama anamva molakwa, basi, khutu linawanamiza, ndipo ndikangowauza, phale lichoka pamoto. Ndinawapeza kukhitchini, ali pa ntchito yomwe ija. Ndinanena zonse mopuma wefuwefu: si resheni, ndi lesho, aphunzitsi anena, ndi masamu a ana, kulibe feteleza, kulibe chilichonse, akungotidyera mbewu.

Amama sanadzidzimuke. Sanaleke n'kutakasa komwe. Anasuzumira pakhomo kuona ngati pabwalo pali munthu, n'kunena motsitsa mawu kuti, “Wauzako ndani zimenezi?” Ndinati palibe. “Zithere m'kamwa mwakomo. Tenga mbale ukapereke.”

Ndinakapereka. Ndinagwada monga mwa masiku onse, mbale ikundiotcha zala, ndipo amalume osandiyang'ana n'komwe anati, “Gudu gelo.” Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanawakhuthulira m'malaya.

Mitambo inayamba kusonkhana chakumapiri a ku Mozambique. Kunagwa kamvula kozimitsa malupsa, fungo la dothi lonyowa n'kudzaza mudzi wonse, ndipo m'masiku omwewo uthenga unabwera pafoni ya amalume kuti mayeso ali ku Chipata. Ananyamuka m'mawa, nsapato zitapakidwa mafuta ophikira kuti ziwale. Theka la mudzi linawaperekeza mpaka pamsewu. Amama anawapatsira kamba wa paulendo m'pepala la pulasitiki, ndipo sindikuuzani kuti kambayo anali chiyani.

Kuti ndisakusungeni m'maganizo, anakhoza. Inde, anakhoza, dziko lino lilibe manyazi. Lero ali chakumalire, mbali za ku Vubwi, amadinda mapepala pa kauntala monga ananenera aphunzitsi, ndipo mimba yawo imafika pakhomo iwo asanafike. Feteleza sitinamuone, ngakhale wodzaza supuni. Chimene anatumizapo ndi kalendala. Ndinawamva ndi makutu anga pa ukwati wina akulangiza anyamata ofuna ntchito kuti alimbike pa lesho, poti iwo anawerenga okha pansi pa mtengo, ndi njala, popanda wowathandiza. Ndi njala! Ndinatsonya mokweza moti amayi a pafupi nane anatembenuka.

Koma izo n'zam'tsogolo. Mvula yobzalira inagwa iwo ali ku Chipata, yausiku wonse, ndipo kutacha amama anatsitsa thumba. Sanafunikire kukwera pampando ndi kulichirikiza paphewa ngati kale. Analitsitsa ndi dzanja limodzi. Anakhuthulira zonse m'lichero, n'kukung'untha thumbalo, ndipo tinapita kumunda.

Tinayambira kunjira. Amama patsogolo akuboola ndi khasu, ine pambuyo ndikuponya n'kufotsera ndi chidendene. Dothi linali lofewa, lozizira, likulowa pakati pa zala za kumapazi. Ndinkaponya imodziimodzi, motalikitsa kuposa mmene anandiphunzitsira, kuyesa kuinyenga mbewu kuti ifike. Amama anaona koma sanandiletse. Dzuwa lisanafike pamutu, dzanja langa linakanda pansi pa lichero. Tinali titangopitirira pakati pa munda. Kutsogolo kwathu mizere inali ndandanda mpaka pachulu, youngidwa bwino, yonyowa, yodikira, ndipo ya kumapeto kwenikweni inali yanga.

Ndinaponya lichero pansi. Ndinalira mokuwa, mamina ndi misozi pamodzi, ndipo ulemu ndinauiwala. Ndinati ndinakuuzani ine, ndinakuuzani kuti si resheni, inu osamva, mwapatsa mbewu yanga munthu waulesi, wabodza, wodya za ana. Ndinkayembekeza khofi, ndipo ndinkalifuna.

Amama anatsamira pa mpini wa khasu. Anandisiya mpaka mawu anandithera, kenaka anati, “Ukuyesa ndine wogontha? Anati lesho. Ndinamva tsiku lomwelo.”

Ndisanayankhe, anawonjeza:

“Nanga ndili ndi mlongo wina?”

Atatero anatola lichero n'kuyamba kuyenda, osati kubwerera kunyumba, koma kulowera kuchulu, kudutsa m'mizere yopanda mbewu ija. Ndinawatsatira ndikusisima. Kuseri kwa chulu asuweni a maso ofiira anali kubzala chimanga ndi akazi awo. Atationa anaweramuka, n'kuvula chipewa, n'kufunsa ngati abwana anayenda bwino ndiponso ngati kwamveka kalikonse. Amama anayankha kuti anayenda bwino, tikudikira. Anaima pa mzere womalizira, pamene panali chitsa cha mthethe chimene agogo anasiya ngati chizindikiro, n'kuchiponda ndi phazi kawiri. Chitsacho chinali mbali yathu, ndi mzere wake womwe. Chaka chimenecho khasu la asuweni silinaterereke.

Amama anayang'ana chitsacho nthawi yaitali, n'kupukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje, n'kunena kuti m'mizere yotsalayo tidzaika kholowa la mbatata, tikapempha kwa anthu.

Ine mbatata sindinkaifuna. Ndinkafuna nshawa zanga. Funso lawo lija ndinaliona lopusa, pakuti aliyense ankadziwa kuti mlongo wina alibe, ndipo sindinaone kuti zikukhudzana bwanji ndi mbewu. Sindinamvetse chifukwa chimene munthu wamkulu angaimire m'munda wonyowa, n'kumayang'ana chitsa ngati chamubweretsera mphatso. Ndinkangoona mizere yopanda kanthu, ndipo ndinaiwerenga yonse, kuyambira pamene mbewu inathera mpaka pa phazi la amama.